Mzere Umene Ndinafufuta

Chaka chimene ndinkakhala kwa akulu anga ku Matero, sindinkatha kukhala pampando umodzi mpaka tiyi kuzizira. Ndinali nditamaliza chaka choyamba cha maphunziro a makompyuta pa kakoleji kena m'tauni, chachiwiri osadziwa ndidzachiyamba liti, ndipo mutu wanga unali wodzaza ndi nzeru zosowa pozitula. Ndinkasesa posesedwa kale. Ndinkasanja makapu m'kabati, aakulu kumbuyo aang'ono kutsogolo, mpaka alamu anga anayamba kumandipempha chilolezo asanatenge kapu m'nyumba mwawo momwe.

Chimene chinkandisowetsa mtendere kwenikweni chinali phunziro limodzi, la madetabesi. Detabesi ndi kaundula wa m'kompyuta. Zinthu zimalembedwa m'matebulo, mzere uliwonse n'kuimira chinthu chimodzi, kaya ndi munthu kaya ndi katundu. Ankatiphunzitsa ndi abambo ena achikulire, oonda, a jekete limodzi lomwelo chaka chonse, amene ankakonda chiphunzitso cha madetabesi monga ena amakondera mpira. Malamulo ake ankatilowezetsa ngati katekisimu. Mzere uliwonse uzikhala ndi kiyi, kutanthauza chizindikiro chake chokha chimene mzere wina ulibe. Mizere iwiri yofanana paliponse isapezeke m'tebulo limodzi, pakuti ngati palibe chosiyanitsa, ndiye kuti ndi chinthu chimodzi chalembedwa kawiri. Ndipo zakuti mzere uwu uli pamwamba, uwo uli pansi, zilibe tanthauzo lililonse.

Akafika pamenepa ankavula magalasi n'kuyamba kunyoza madetabesi ogulitsidwa, amene maofesi amagula n'kumagwiritsa ntchito. Ankati onse amadzitcha ana a chiphunzitsochi, koma palibe amene amachimvera mpaka kumapeto. Ukapanda kuwauza za kiyi, amangokhala chete. Ukalemba mzere womwewo kawiri, amalandira. Ukasiya malo osalemba, amalandiranso. Ena amapatsa mzere uliwonse kanambala kamseri, ngati kuti kanambalako kangalowe m'malo mwa kudziwa chimene walemba.

"Ni kondakitala wa basi," ankatero. "Aliyense wamene aimika, akwela. Kuti mukwana olo simukwana, iyo ni nkhani yanu."

Anzanga ankaseka n'kuiwala. Ine ndinkatuluka m'kalasimo magazi akuwira, ndikufuna wina andipatse tebulo lauve ndimuonetse.

Anandipatsa ndi mayi ena opemphera ndi akulu anga. Iwo anali mphunzitsi wamkulu pa kasukulu kena ka anthu a m'dera ku Kanyama, ka zipinda zinayi ndi ofesi yopapatiza kuseri kwa tchalitchi. Anthu ena akufuna kwabwino anali atawasiyira kompyuta yokhala ndi detabesi yogula, yosungira mayina a ana. Aphunzitsi ankalembamo okha akapeza mpata, ndi chala chimodzi, magetsi akakhalapo. Mayiwo anandipempha kuti ndizipita kawiri pa sabata kukawathandiza kukonza mndandanda wa ana a giredi seveni, umene unkayenera kupita kusukulu yaikulu yapafupi kumene ana athu ankakalembera mayeso. Ine ndinkapita kanayi. Mabasi awiri, ya m'tauni kenako ya ku Kanyama, nsapato zina zili m'pulasitiki chifukwa mvula inali itayamba.

Tsiku loyamba nditatsegula tebulo lija ndinawomba m'manja ndekhandekha. Zonse zimene ankanena aphunzitsi anga zinali pamenepo. Kiyi panalibe. Pa tsiku lobadwa, ana ambiri anali ndi chaka chokha, chifukwa makadi awo a kusikelo anapita ndi madzi zaka za m'mbuyomo, ndipo makolo ankalonjeza kudzanena tsiku lenileni koma osabwera. Nambala ya nyumba inali ya puloti, chonsecho puloti imodzi ku Kanyama imatha kukhala ndi zitseko khumi. Choposa zonse, mayina ena anali olembedwa kawiri. Magetsi akazima mphunzitsi ali pakati polemba, mawa lake ankayambiranso osadziwa kuti kompyuta inasunga kale, ndipo detabesi ija, kondakitala uja, inkangoti kwerani.

Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, anatero mphunzitsi wamkulu pondionetsa kwa anzake, ndipo ine ndinakhulupirira. Pa nthawi yopuma ana ankaunjikana pawindo kudzaona kompyuta. Panali mtsikana wina wamtali, wa maso akuthwa, amene ankatsalira anzake atathamangira kukasewera, n'kumafunsa kuti ichi n'chiyani, nanga mukadina apo chimachitika n'chiyani. Ndinkamuyankha kawiri, kachitatu n'kumuuza kuti akunditchingira kuwala. Dzina lake sindinamufunsepo.

Ntchito ndinaigwira motere. Ndinakopera kaye tebulo lonse pa fulashi, kachipangizo kosungira za m'kompyuta, monga tinaphunzitsidwira. Kenako ndinafunafuna mizere yofanana paliponse, dzina, chaka chobadwa, puloti, kalasi. Ndinapeza mayina asanu ndi limodzi obwerezedwa. Pa dzina lililonse ndinasiya mzere umodzi n'kufufuta winawo, ndipo sizinanditengere ngakhale nthawi yowiritsira madzi a tiyi. Kaundula wa pepala anali m'kabati pafupi ndi chigongono changa. Kalasi ya giredi seveni inali kuseri kwa khoma, ndinkawamva ana akubwereza mawu a mphunzitsi wawo. Kabati sindinatsegule, pakhomo la kalasi sindinagogode. Buku linali litanena kale kuti mizere iwiri yofanana ndi chinthu chimodzi, nanga ndikafunsenso chiyani kwa anthu olemba ndi chala chimodzi? Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Ndinasindikiza mndandanda, mphunzitsi wamkulu anasaina, unapita. Patapita milungu ingapo unabwerera kuti tiuonenso ngati uli bwino, koma inali sabata imene madzi analowa m'makalasi mpaka m'mawondo. Ana anali kunyumba, ife tikukweza mabuku pamwamba pa makabati. Mayiwo anasainira pakhonde la tchalitchi, pepala atalitsamiritsa kukhoma. Ine ndinali pomwepo, ndinawagwirira ambulera.

Manambala a mayeso anabwera nthawi yozizira. Ndinali mu ofesi pamene mphunzitsi wa giredi seveni, bambo wofatsa amene ankandipatsa moni tsiku lililonse ine n'kumayankha maso ali pa kompyuta, analowa ndi atsikana awiri. Wina anali wamtali wa pawindo uja. Wina anali wamfupi, juzi yake yaitali manja mpaka kubisa zala.

"Ba madamu," anatero mphunzitsiyo kwa ine, "apa pali namba imozi, koma bantu ni babili."

Ndinati sizingatheke. Iye anati ndiwafunse mayina. Wamtali ananena lake. Wamfupi ananenanso lomwelo, loyamba ndi la makolo lomwe. Ndinaganiza kuti akundiseweretsa.

Sanali masewera. Abambo awo anali pachibale, mkulu ndi mng'ono wake, ndipo onse atabereka ana aakazi chaka chimodzi anawatcha dzina la agogo aakazi a anawo, monga zimakhalira pakati pathu. Wamfupi anakulira ku migodi. Bambo ake atamwalira, abambo ake aakulu anakamutenga n'kumamulera pamodzi ndi wawo, pa puloti yomweyo, m'kalasi yomweyo. Sukulu yonse inkadziwa zimenezi. Aphunzitsi ankangoti wamtali ndi wamfupi, ndipo palibe anaganizapo kuti zimenezo n'zolembanso m'kompyuta, poti kompyutayo sinafunse. Mwa mayina asanu ndi limodzi aja, asanu anali obwerezedwadi. Lachisanu ndi chimodzi linali la anthu awiri.

Masiku otsatira sindiwakumbukira mwadongosolo, ndimangokumbukira mabasi. Kusukulu yaikulu ija anatiuza kuti iwo anatumiza zimene tinawapatsa. Ku ofesi ina ya za mayeso m'tauni tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, ine kuimirira n'kukhalanso, kuimirira n'kukhalanso, mpaka mlonda anandilozera kumene kuli chimbudzi ndisanamufunse. Masana mayi wina anatilandira bwino, natisonyeza siginecha ziwiri za mphunzitsi wamkulu, n'kutiuza mwaulemu kuti kulembetsa kunatsekedwa kalekale. Sanalakwe. Nambala inali imodzi, ya dzina limodzi, ndipo aliyense wa atsikana awiriwo akanatha kukhala mwini wake. Mmodzi alemba chaka chino, wina adikire chaka chamawa. Koma ku Kanyama mtsikana wa msinkhu umenewo akauzidwa kuti adikire chaka, aliyense amadziwa kuti mwina sadzaonekanso atavala yunifolomu.

Mphunzitsi wamkulu sanandikalipire. Tili m'basi pobwerera anangoti anasaina ndi iwo, ndiye mlandu ndi wawo. Ndikanakonda akanandizazira pamaso pa anthu onse m'basimo. Kunyumba ndinasiya kusanja makapu. Akulu anga ankandiikira chakudya n'kudzachipeza chili momwemo, ine ndili panja ndikuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira.

Ndinapita kukoleji kwa aphunzitsi anga aja, ndikufuna munthu wondiuza kuti cholakwa ndi cha detabesi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, navula magalasi. Anati inde, detabesi yomvera chiphunzitso ikanaukana mzere wachiwiri uja tsiku lomwe unkalembedwa, ndipo wolembayo akanakakamizika kufunsa chosiyanitsa ana awiriwo n'kuchilemba. Ndinayamba kupuma bwino.

"Koma iwe unaziba kuti ija siimvela," anapitiriza. "Tebulo ilibe kiyi, unaona na menso yako. Lamulo igwila nchito pamene bantu banaisunga kuchoka pa kuyamba. Manje iwe unaikhulupilila bwanji tebulo ya so, ati vofanana ni chimozi?"

Ndinatuluka osatsanzika. Ndinawakwiyira mwezi wathunthu chifukwa ananena zoona.

Loweruka la sabata yomweyo mphunzitsi wamkulu anandiuza kuti bambo a wamtali akundiitana kunyumba kwawo Lamlungu akaweruka kutchalitchi, ndipo funso lawo ndi limodzi: ndinafufuta uti? Ndinatenga fulashi ija n'kutsegula tebulo lakale. Mizere iwiri ija inalipo, yofanana ngati mabuloko a chikombole chimodzi. Koma detabesiyo inali ndi kanambala kamseri kaja pa mzere uliwonse, kamene aphunzitsi anga ankakanyoza, ndipo kankasonyeza mzere umene unayamba kulembedwa. Ine ndinali nditasiya woyamba n'kufufuta wachiwiri. Apa ndiye ndinatsegula kabati, mochedwa. M'kaundula wa pepala wamtali anali pamwamba, wamfupi pansi pake, poti anabwera pambuyo. Ngati wolemba anatsata pepala kuchokera pamwamba, ndiye kuti ndinafufuta mwana wamasiye. Ndinafunsa aphunzitsi. Wina anati tsamba limenelo analemba ndi iye. Wina anati ayi, anamalizitsa ndi iye magetsi atabwera, ndipo iye amakonda kuyambira pansi. Palibe ankakumbukira bwinobwino.

Lamlungu ndinafika dzuwa litapendeka pang'ono, mphepo ikuulutsa fumbi ndi mapulasitiki m'tinjira. Bambowo ankawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu, ndipo manja awo anali a timabala ta moto tokhatokha. Tinakhala panja pothera dzuwa, pakati pa zitseko za anthu ena a pa pulotipo, amene onse anapeza chochapa pa ola limenelo. Mayi a m'nyumbamo anandipatsa mpando wabwino, wokhawo wokhala ndi chotsamira. Atsikana awiri aja anakhala pa saka limodzi pafupi ndi khomo, mapewa atagundana.

"Ba madamu, sitinakuitaneni kuti tikukalipileni," anayamba bambowo. "Manzi yakataika siyaoleka. Ise muno tinakambisana, tamvelana. Wamene munafuta ndiye azayembekeza chaka chibwela. Ija ni ngozi, ngozi siisankha. Kulibe azakamba ati batate banakondela. Tiuzeni chabe. Ni uti?"

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene anandiitanira. Sankafuna chipepeso changa. Ankafuna kuti chigamulo chichokere kunja kwa nyumba yawo, kwa chinthu chopanda mwana, chopanda m'bale, kuti mawa azidya mbale imodzi popanda wina kuyang'ana mnzake cham'mbali.

Ndinali ndi mayankho atatu m'kamwa. Ndikanati wamfupi, ndipo mwina zikanakhala zoona, koma ndikanayenera kunena zimenezo ndikuyang'ana mwana wopanda bambo, zala zake zitabisala m'juzi. Ndikanati wamtali, ndipo mwina likanakhala bodza, mayi ake ali pomwepo. Lachitatu linali la m'buku.

"Kulibe wamene angazibe, batate," ndinatero. "Mizele inali yofanana paliponse. Olo kompyuta siiziba. Uti unali pamwamba, uti pansi, vija sivitantauza kantu."

Aphunzitsi anga akanandipatsa mamalikisi onse pa yankho limenelo. Koma ndinene pano zimene sindinanene tsiku lija. Sindinayankhe choncho chifukwa chokonda choonadi. Ndinkaopa kutchula mwana wa munthu ndi pakamwa panga, ndiye ndinabisala kumbuyo kwa buku.

"Yanganani futi, mwana wanga," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Kapena mungaone kantu."

"Nayangana, bamai. Kulibe."

Bambowo anafikisa manja awo pa mawondo. Anayang'ana wamtali, anayang'ana wamfupi, anayang'ananso ine ngati akundipatsa mpata wina. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Wailesi ya pakhomo lina inkaimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo ochapa aja anali atasiya kuchapa.

"Azalemba ni mwana wa malemu," anatero pomaliza. "Mung'ono wanga sangazikambile kwamene ali. Iwe," anatembenukira kwa mwana wawo, "uli na ine, uli na bamai bako. Uzalemba chaka chibwela."

Wamfupi ndiye anayamba kulira, akuti iye angathe kudikira, alembe ndi mnzakeyo. Bambowo anakweza dzanja, iye n'kukhala chete. Wamtali sanalire. Anayang'ana bambo ake nthawi yaitali ndi maso akuthwa aja, nati, "Namvela, batate." Kenako anaimirira, natenga chigubu n'kupita kumpopi, chonsecho migolo iwiri ya pakhomo inali yodzaza.

Wamfupi analemba mayeso, ndipo anakhoza. Ine ndinatha nthawi yonse yozizira ndikumanga tebulo latsopano, la kiyi, lokana chilichonse chobwerezedwa, ndipo ndinayenda kalasi ndi kalasi kufunsa mwana aliyense ngati kwawo kuli wina wa dzina ngati lake. Tebulo labwino kwambiri linali limenelo. Chaka chotsatira ndinasunga malo a wamtali pa mndandanda mpaka tsiku lomaliza, koma sanabwere. Ndinamva kuti anapempha yekha kukakhala kwa azakhali ake kukomboni ya George, ndipo ankathandiza kuluka tsitsi. Ngati anadzalemba mayeso kwina, sindikudziwa. Ndafunsapo, ndipo yankho limasintha malinga ndi amene ndamufunsa.

Lero ndimagwira ntchito ndi madetabesi aakulu kuposa ija, ogula onse, ndipo akadali makondakitala. Ukapanda kuwaletsa, amakweza aliyense. Anzanga a mu ofesi amandiseka chifukwa ndikapeza mizere iwiri yofanana ndimanyamuka pampando n'kuyamba kufunafuna munthu woti ndimufunse, m'malo mongodina kamodzi. Amati ndili ndi tizilombo m'miyendo. Sindiwafotokozera.

Chimene chimandinyamutsa si mawu a aphunzitsi anga. Lamlungu lija, nditatsanzika, mayi a wamtali anandiperekeza mpaka kumsewu, monga amachitira ndi mlendo aliyense, ngakhale wobweretsa tsoka. Tinayenda iwo akukonza chitenje, ine ndikufulumira. Titafika poimira basi anandigwira pamkono.

"Mwana wanga, sembe munanama chabe," anatero, akudandaula kuti sindinaname. "Olo sembe munakamba ati ni wanga wamene munafuta, sembe talila, tatukana kompyuta, basi vasila. Manje uja azakula aziba ati batate bake banamuyangana pamenso, basankha winangu."

Basi inabwera, kondakitala anatsegula chitseko, ine ndinakwera. Mayiwo anatsala pamsewu akuyang'ana cha kumpopi, kumene mwana wawo anali asanabwereko.